Tsiku Limene Ndinasanduka Katundu pa Njinga Yanga

Makolo athu, amene anali ndi mwambi wa chinthu chilichonse kuyambira nyerere kufikira njovu, anatisiyira mawu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndipo ine, amene sukulu sindinapite nayo patali koma miyambi yondikomera ndimaigwira msanga, ndinausunga mwambi umenewu monga lamulo lolembedwa pamwala, kotero kuti kwa zaka 26 sindinalole fodya kuchedwa pachala changa, kuopa kuti mphepo ya mwezi wa June, imene imatsika m'mapiri a Chipata ngati yachita kutumidwa, ingandilande chuma changa.

Ntchito yanga ndi yonyamula anthu panjinga ya kapalasa, ntchito imene abale athu a kutsidya kwa malire, ku Mchinji, amaitcha kabaza. Mlendo wochokera ku Lusaka, akangodutsa pachipilala cholonjera alendo pamsewu wa Great East, chimene amayamba kudabwa nacho ndi unyinji wa njinga. Pakuti kuno nkhumba imapita kumsika panjinga, makala amalowa m'tauni panjinga, wodwala amafika kuchipatala panjinga, ndipo mkwatibwi yekha ndiye amakana, ngakhale kuti pakatha mwezi nayenso amatiimitsa. Nthawi ya a Kaunda tinali ndi fakitale yathuyathu, ya Luangwa Industries, imene inkapanga njinga za Eagle, ndipo yanga ndi imodzi ya zimenezo, yosiyidwa ndi malemu atate: tcheni ndasintha kosawerengeka, masipoko onse ndi achilendo, chishalo nchachitatu, koma ndimaumirira kuti njinga ndi yomwe ija. Mzinda uno azungu ankautcha Fort Jameson, ndipo dzina la Chipata, limene tinaupatsa titalandira ufulu, limanena za mpata wa pakati pa mapiri. Tsono mapiriwo ndiwo mlandu wonse, chifukwa munthu wopalasa njinga m'dziko la zitunda chuma chake ndi mapapo, ndipo ine mapapo angawo ndinkawafukiza tsiku ndi tsiku monga mlenje afukiza mbewa kuuna.

Ndinayamba ndi balani, fodya wopichira m'pepala la nyuzipepala, ndili mnyamata wa ndevu zitatu. Pambuyo pake, nditayamba kugwira tindalama, ndinakwera udindo ndi kuyamba kugula ndudu imodziimodzi, imene m'Zambia monse timaitcha mishanga. Liwu limeneli silathu, ndi la Abemba, ndipo popeza pali chimbuya pakati pa iwo ndi ife, ndili ndi ufulu wonena poyera kuti tchimo limene dzina lake linachokera kumpoto silingakhale lobadwira kum'mawa.

Akazi anga, amene Mulungu anawapatsa mphuno ya galu wosaka ndi kuleza mtima kwa Yobu, anayesa njira zonse zondisiyitsa fodya. Tsiku lina mphwanga anandionetsa pafoni chithunzi chakale, cha m'zaka za m'ma 1920, cha azungu a mpikisano wa njinga wa Tour de France akuyatsirana ndudu ali pachishalo, poti masiku amenewo ena ankakhulupirira kuti utsi umatsekula chifuwa munthu asanakwere phiri. Ndipo ine ndinathamangira nacho kunyumba monga munthu wopeza mboni pamlandu umene unali utamuipira. Akazi angawo anachiyang'ana nthawi yaitali, nandifunsa ngati mwa anthu a pachithunzipo alipo amene akali moyo. Kenaka anandikumbutsa za a Kaunda, amene pa unyamata wao anazungulira chigawo cha kumpoto panjinga akulalikira za ufulu, amene zimasimbidwa kuti anakumana ndi mkango panjira naukwezera njinga m'mwamba mpaka unapatuka, amene fodya sanamudziwe, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 97. “Nanga inu, atate ake ana,” anatero, “mkango utakupezani ku Mchini, mungakweze chiyani? Pampu?”

Musaganize kuti sindinayesepo kuleka. Ndinaleka mu 2008, pamene boma linaika lamulo loletsa kusuta pamalo pamene pasonkhana anthu. Koma nditasinkhasinkha masiku anayi ndinapeza kuti njinga yoyenda si malo, popeza ukamati uitchule kuti ili apa, yafika kale apo. Ndinalekanso pa Khirisimasi ya 2012 chifukwa cha kukwera kwa mitengo, ndipo ndikanapirira ndithu, koma pa 1 January 2013 boma linachotsa maziro atatu pa Kwacha, ndipo ndudu imene dzulo lake inali ya makwacha mazanamazana inayamba kugulidwa ndi mangwee; ine, poona kutsika kotere, ndinati kukana chisomo nkuchimwa. Zoti malipiro anga nawonso achotsedwa maziro atatu ndinazizindikira mwezi utatha.

Chimene chinandigonjetsa si ulaliki, si lamulo, si mtengo ayi, koma mayi wina wogulitsa tomato.

Linali Lachisanu, mwezi wa October, dzuwa lija limene limasungunula phula pamsewu, pamene mayi ameneyu, munthu wodalitsika m'thupi, amene Mlengi sanaumire dothi pomuumba, anandiimitsa pamsika wa Kapata ndi dengu lake nati ndikamtule kumtunda, cha kuphiri la Kanjala. Ndinathima ndudu yanga, ndinaipanira kukhutu monga kalaliki apanira pensulo, ndipo tinanyamuka mwaulemu wonse, belu likulira. Pachidikha zinayenda bwino. Koma chitunda chitayamba, chifuwa changa chinayamba kuimba nyimbo ziwiri nthawi imodzi, ina yokoka ina yotulutsa, ngati limba la m'tchalitchi lolowa mbewa. Miyendo inasanduka phala. M'maso munayamba kuuluka ziphaniphani usana. Ndipo njinga, imene kwa zaka zonsezi inali isanandichititsepo manyazi, inayenda pang'onopang'ono mpaka mwana wa sukulu woyenda pansi, akudya chimanga chootcha, anatipitirira natipatsa moni. Pamenepo ndinatsika, nkugwada, ndi kuyamba kuyang'anitsitsa tcheni, pakuti ndiwo mwambo wathu: wopalasa njinga satopa, tcheni ndiye amavuta.

Mayiyo anatsikanso, nandiyang'ana ine, nayang'ana tcheni, ndipo anaona msanga chimene chinali chowonongeka pa ziwirizo. Anamanga chitenje chake kolimba, nanena ndi mawu ofatsa a munthu wozolowera kulamula: “Abambo, tomato wanga apsa ndi dzuwa. Khalani pakhushoni, mugwire dengu.” Ndikanakana, koma kukana kumafuna mpweya. Potero ine, mwana wa Angoni a Mpezeni, amene makolo ake anawoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa usana, ndinakwezedwa phiri ndi mzimayi, nditakumbatira dengu la tomato ngati mkwatibwi wogwira maluwa. Ndipo popeza tsoka silinunkha, njira yathu inadzera pamthunzi pamene anzanga a ntchito amadikirira makasitomala. Sanaseke nthawi yomweyo. Anaimirira onse, navula zisoti, monga achitira maliro akamadutsa. Titafika, mayiyo anatambasula dzanja nati ndimlipire, popeza wopalasa ndi iye. Ndinachonderera kufikira tinagwirizana kuti ikhale ngongole. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la ubatizo linaiwalika, ndipo kuyambira ku Navutika mpaka ku Down Shops ndimadziwika kuti a Katundu.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala, ndili ndi chikhulupiriro chakuti andipeza ndi nthenda ya dzina lalitali imene ingandibwezere ulemu. Namwino, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba, atamvetsera chifuwa changa ndi kuyeza makhololo, anati chifuwa chachikulu ndilibe, ndipo anandifotokozera mlandu wanga m'chinenero cha ntchito yanga. Anati magazi ali ngati ife a njinga, ntchito yao ndi kunyamula mpweya wabwino kuchoka m'mapapo kukautula m'miyendo. Koma mu utsi wa fodya muli mpweya wina, wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umene umakakamira pamagazi koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino. “Ndiye kuti, atate, njinga zanu za m'thupi zadzaza ndi makasitomala osalipira, okana kutsika.” Anawonjeza kuti mu utsimo mulinso phula lomata m'mapapo, ndipo ine ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa safunsa, pakuti phulalo ndinkaligula ndi ndalama zanga ndi kuliyatsa ndekha. Anandilimbitsa mtima kuti mpweya woipawo umachoka m'magazi pakangopita tsiku limodzi munthu ataleka, kuti chibaba chimene nikotini amadzetsa chimavuta koposa m'masiku atatu oyamba ndi sabata yoyamba, ndi kuti chikabwera chimakhala mphindi zowerengeka nkupita.

Mphindi zowerengekazo ndinaziwerenga, ndipo ndikuchitira umboni kuti mphindi ya munthu wa chibaba ili ndi zaka zake. Tsiku loyamba ndinatafuna nzimbe mpaka nsagwada zinauma. Tsiku lachiwiri ndinakangana ndi tambala wa kwa aneba chifukwa cha kayang'anidwe kake, ndipo ndinamuuza kasitomala wina, mphunzitsi wolemekezeka, kuti ngati akufuna kufika msanga akabadwenso ngati mbalame. Tsiku lachitatu ana anga anasamukira kwa ambuye awo. Usiku ndinkalota ndudu yaitali ngati njanji ya ku Mchinji, ine ndikuithamangira ndi machesi onyowa. Ndipo monga ana a Israyeli anakumbukira miphika ya ku Ejipito ali m'chipululu naiwala zikwapu, inenso ndinkakumbukira kafungo ka ndudu ya m'mamawa ndi kuiwala dengu la tomato. Ndinali nditabisa ndudu imodzi m'kati mwa handulo ya njinga, ya tsiku la tsoka; tsono pakati pa usiku wachinayi ndinanyang'ama kukaitulutsa, ndipo m'malo mwake ndinapezamo kapepala kopindidwa bwino, kolembedwa ndi dzanja la akazi anga: “Kagoneni, a Katundu.”

Patapita masabata angapo mphuno yanga inauka kwa akufa, ndipo sindinganene kuti ndinakondwera nako kuuka kumeneku. Ndinazindikira kuti mtsinje wa Lunkhwakwa uli ndi fungo lake, kuti makasitomala ali ndi mafungo awo, ndipo choposa zonse, kuti jekete langa, limene ndinkapita nalo ku maukwati ndi ku maliro, linkanunkha ngati chigafa chopsa. Nditadandaula kunyumba, akazi anga anangoti iwo akhala m'fungo limenelo chikwatiwire, ndipo palibe anawapatsa mendulo. Lilime nalo linatsegula maso. Ndinali nditawerengera kuti ndalama za fodya ndizisunga m'chitini kufikira zitakwana kugula njinga yamoto, ngati za anyamata amene atilanda makasitomala masiku ano, amene sasowa mapapo popeza njinga zao ndizo zimawasutira; koma nsawa za Chalimbana zokazinga, zitumbuwa za pa Saturday Market ndi mbatata yootcha zinayamba kundiitana ndi dzina, ndipo chitini chija mpaka lero chikalira ngati belu ukachigwedeza. Thupi ndawonjezera ndithu, mwakuti njinga tsopano imanyamula katundu ngakhale ndili ndekha.

Chinthu chimodzi chimandisowetsa mtendere, ndipo ndichinene ngakhale chikundichotsera ulemu umene ndatsala nawo. Ndinasanduka mlaliki woopsa, wotsokomola mokweza dala mnzanga akayatsa ndudu, wowerengera anthu maliro awo asanadwale. Koma dziko lino la kum'mawa fodya ndi mbewu yake kuyambira nthawi ya azungu a minda a ku Fort Jameson, ndipo alamu anga, amene amalima fodya wa bale cha kunjira ya ku Chadiza, ndiwo anandilipirira mwana sukulu chaka chimene ndinadwala. Nyengo yokolola ikafika, ndani amawanyamulira masamba kuchoka kumunda kupita kuchigafa? Ndi mlaliki yemwe uja. Nditayesa kuwalalikira, anandiyankha osakweza mutu kuti iwo chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa, pakuti fodya ngwogulitsa kwa anthu opanda nzeru. Ndipo atatero anandiyang'ana mwachifundo chimene sindinachikonde.

Mwezi wathawu mayi wa tomato uja anandiimitsanso pa Kapata, dengu lomwe lija, ulendo womwe uja. Anzanga anasiya bawo naimirira kuti aone. Ndinapalasa ngati mnyamata wopita kukaonekera kwa apongozi. Pachitunda paja chifuwa chinangoti zii, miyendo inamvera, mwana wa sukulu ndinamupitirira ine ndi kumuimbira belu kawiri. Ndipo titafika pamwamba ndinatsika mwaufumu, ndikubisa befu pang'ono amene anatsalira, kudikira mawu amene ndinawavutikira miyezi yonseyi. Mayiyo anatsitsa dengu lake, natulutsa kabotolo ka nsunko m'chitenje, nanunkhiza mphuno zonse ziwiri mosafulumira, nayetsemula, kenaka anagogoda chishalo ndi chala nati, “Koma tcheni uja munakonzetsa bwino, abambo.” Nditatambasula dzanja, anandikumbutsa za ngongole ya mwezi wa October, nati tsopano tafanana, nasenza dengu lake.