Sikirini Yada Bii: Malangizo kwa Bambo Amene Wagula Pac-Man Wakale

Poyamba ndikuyamikireni, achimwene. Anzanu akapeza kangachepe amagula malata, ena puloti, koma inu mwagula chikabati chotalika ngati munthu, cholemera moti anyamata atatu anachitsitsa m'galimoto akung'ung'udza. M'kati mwake muli Pac-Man, masewera amene kampani ya Namco inatulutsa ku Japan mu 1980, ndipo Midway inawafalitsa ku America kuti ana aziponyamo makobidi n'kumathamangitsidwa ndi mizukwa inayi. Wogulitsa anakuuzani kuti chinkagwira ntchito bwinobwino tsiku lomaliza limene anachiyatsa. Sananame ayi. Kungoti tsiku limenelo Ronald Reagan anali adakali pampando.

Mwachiimika pabalaza, mwaitana ana, mwalowetsa pulagi. Nyali ya pamwamba yayaka, dzina la Pac-Man likuwala mochititsa kaso, koma sikirini ili bii ngati kunsi kwa mphika. Ana akuyang'ana inu, mayi a kunyumba akuyang'ana kudenga. Poti sipanatuluke utsi, ndiye kuti munakumbukira kuti kabati ya ku America imadya mavolti 120 pomwe khoma la ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Manchester limapereka 230. Ndati mavolti, osati mavoti. Awa sabwerezedwa kukhoti.

Chachikulu n'chakuti musayambe ndi chinthu chotchipa. Munthu wolemekezeka ngati inu sangayambe ndi fyuzi, anthu angamuone bwanji? Usiku womwewo lowani pa intaneti muitanitse chilichonse chokhala ndi dzina loopsa, makamaka flyback ndi kathumba ka makapasita kamene eni ntchitoyi amati cap kit. Podikira katunduyo chotsani chitseko cha kumbuyo kuti musuzumire. Nthawi yomweyo nyali ya pamwamba ija idzazima, ndipo mudzagwira m'mutu kuti mwachitsiriza. Lirani ndithu masiku awiri. Pa tsiku lachitatu mwana wanu wa sitandade 5 adzakuonetsani kaswichi koyera pamphepete pa chitseko, kamene opanga anaika dala kuti chitseko chikachoka magetsi onse azime. Kukakoka pang'ono, zonse zimayakanso. Muuzeni mwanayo kuti mumadziwa kale, mumangomuyesa.

Amisiri enieni ali ndi chizolowezi chonyozeka choyamba afunsa makina kumene akumva kupweteka. Amaponyamo khobidi, n'kudina batani loyambira, n'kutchera khutu. Kanyimbo koyambira kaja kakamveka, Pac-Man n'kuyamba kudya timadontho mumdima, ndiye kuti ubongo wa makinawo uli moyo, vuto lili ku monita. Iwo amati masewerawo akuseweredwa mwakhungu. Inu mukhoza kuimira pomwepa. Alendo akabwera auzeni kuti umu ndi mmene akatswiri a ku Tokyo amasewerera, ndipo aliyense wofuna chithunzi ndi wophunzira kumene.

Koma kukakhala zii, palibe chithunzi palibe phokoso, n'kutheka monitayo mukuinamizira. Monita sionetsa chimene sinapatsidwe. Bolodi la masewera limafuna mavolti 5, ndipo akaperewera ngakhale pang'ono limangogona. Pa Pac-Man magetsi amachoka ku thiransifoma ya pansi pa kabati, kudutsa m'mafyuzi okhala m'timipando tachitsulo tadzimbiri, n'kulowa pa timano ta m'mphepete mwa bolodi, timene timadziwika ndi kupserera. Mita ya magetsi ingakuuzeni zonsezi m'mphindi ziwiri. N'chifukwa chake musaigule. Ikulandani mwayi wolingalira, ndipo kulingalira ndi kumene kumakometsa macheza a madzulo. Ngati kabati yanu ndi Donkey Kong wa Nintendo wa 1981, dziwani kuti khutu likhoza kukupusitsani. Monita yake ya Sanyo 20EZ inanyamula kabolodi kokweza mawu pamsana pake, choncho ikafa imapita nawo mawu kumanda, ubongo uli bwinobwino.

Tsopano pakufunika mwana. Monita yamoyo imalemba mizere pafupifupi 15,700 pa sekondi iliyonse, ndipo potero imalira kamluzu kakang'ono kwambiri. Makutu a munthu amene anaonako Pac-Man ali watsopano ambiri anasiya kale kukamva. Choncho inu amene mumakonda makinawa simungamve ngati akupuma, pomwe mdzukulu amene alibe nawo ntchito akumva ali kukhitchini. Mulipireni switi. Akakana, yandikizani mkono pa galasi lakutsogolo, ndipo ubweya ukaima ndiye kuti mphamvu ilimo. Kenako zimitsani nyali za m'nyumba, pitani kumbuyo, manja onse kumsana ngati ahedi poyendera mayeso, muyang'ane khosi lopyapyala la chubu cha monita. Payenera kuoneka kuwala kofiirira ngati khala lomaliza pa mbaula. Kameneko ndi kawaya kotenthetsa, ka mavolti 6.3 okha, ndipo kakapanda kuyaka chithunzi sichingabwere ngakhale mutasala kudya.

Tiyerekeze kuti khala lija likuyaka ndipo mdzukulu wamva mluzu. Mmisiri angafune kokhotetsa kamodzi kolembedwa SCREEN, kamene pa mamonita ena kali pa flyback, pa ena kali pa kabolodi ka kukhosi. Angaike chizindikiro pamene kanali, n'kukakhotetsa pang'ono chabe ndi chida chapulasitiki. Galasi likatuwa n'kuoneka timizere topendekeka, ndiye kuti monita ili moyo, ikungosowa uthenga, ndipo kawirikawiri ndi mawaya a chithunzi, wofiira, wobiriwira, wabuluu ndi anzawo, amene anasololoka pamene anyamata aja ankatsitsa kabati. Njira imeneyi ndi yaifupi mochititsa manyazi. Inu khotetsani tonse timene mukutiona, kumanja ndi kumanzere, osalemba paliponse. Mukatero mudzakhala ndi mavuto khumi ndi awiri m'malo mwa limodzi, ndipo palibe adzanene kuti munangokhala.

Khala likapanda kuyaka, tafika pa fyuzi ya pa monita imene munainyoza ija. Mwaipeza yada, kawaya kake kaduka. Ndikudziwa chimene chabwera m'mutu mwanu, chifukwa tonse tinakula tikuona amalume akukulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Ena amaikapo msomali, umene sudzapsa mpaka kalekale. Zidzapsa ndi zina zonse, mwina ndi makatani omwe. Fyuzi ndi mlonda amene wafera pachipata, ndipo kulemba mlonda wina osafunsa chimene chapha woyambayo n'kungochulukitsa maliro. Wakupha nthawi zambiri ndi thiranzisita yaikulu yoyendetsa mizere yopingasa, imene amisiri amaitchula mwachidule kuti HOT. Nayonso siifa yokha, imakokedwa ndi flyback yong'aluka. Monita ya Electrohome G07, yopangidwa ndi kampani ya ku Kitchener m'dziko la Canada, imene inadzaza m'makabati a zaka zimenezo pamodzi ndi za Wells-Gardner za ku Chicago, ndi yotchuka ndi nthenda imeneyi. Mukasintha HOT yokha, yatsopanoyo idzakhala ndi moyo masekondi angapo. Mwaona tsono kuti flyback munaitanitsa ija mwina ikufunikadi. Musauze aliyense kuti munangolota.

Mudzafuna kuichotsa monita kuti mukaiyesere patebulo, pa soketi ya pakhoma. G07 ndi anzake a m'badwo umenewo salola zimenezo. Amadalira thiransifoma yapadera ya m'kabati yowalekanitsa ndi magetsi a pakhoma, ndipo popanda iyo mudzaphulitsa zipangizo, kapena chitsulo chimene mwagwiracho chidzakhala ndi moto. Sanyo ya Donkey Kong ndiye yachinyengo zedi. Pulagi yake imaoneka ngati ya pakhoma la ku America, koma imafuna mavolti 100 a ku Japan.

Apa pokha ndiyambe ndasiya nthabwala. Pamsana pa chubu pali kachipewa ka labala kokhala ndi waya wonenepa wochokera ku flyback. Pansi pake pamafika mavolti pafupifupi 20,000 kapena kupitirira, ndipo chubu chimasunga mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa masiku apitawo. Odziwa amazula pulagi, amavula mphete ndi wotchi, amamangirira waya mbali imodzi ku chitsulo cha felemu ya monita, mbali ina ku sikuludiraiva yokhala ndi chogwirira chapulasitiki, dzanja limodzi m'thumba, n'kuilowetsa pansi pa kachipewako mpaka imveke kuti thwa! Amadikira mphindi zingapo n'kubwereza, chifukwa mphamvu ina imabwereranso. Kapasita wamkulu wa pa bolodi la monita nayenso amasunga moto wake, makamaka fyuzi ikapsa. Ngati simunaonepo munthu akuchita zimenezi pamaso panu, itanani wokonza ma TV akale. Tsoka silinunkha, ndipo magetsi awa sachenjeza.

Ngakhale mutapulumuka, dzanja likamenyedwa ndi magetsi limauluka lokha, ndipo limakonda kutera pa khosi la chubu, pamene galasi ndi lopyapyala. Mudzamva kuti fyuuu, mpweya ukulowa m'malo amene munalibe mpweya kwa zaka makumi anayi. Pamenepo nkhani yatha. Sony inasiya kupanga machubu ake a Trinitron mu 2008, mafakitale ena anatsatira, ndipo lero chubu chimapezeka pokhapokha TV ina yakale itapereka chake.

Nanga cap kit ija? Anthu okonda makinawa amaipereka ngati Panado. Chithunzi chikugwedera, cap kit. Mitundu yafwifwa, cap kit. Galu sakudya, cap kit. Zoona zake n'zakuti makapasita ali ndi madzi m'kati amene amauma ndi zaka, ndipo kuwasintha kumawongoladi chithunzi chopindika kapena chofooka. Koma monita yofa kotheratu kawirikawiri sidzuka ndi iwo okha. Powotcherera kumbukirani kuti pafupifupi aliyense ali ndi mwendo wa pulasi ndi wa mainasi. Mukatembenuza mmodzi adzakudziwitsani yekha, ndi phokoso ndi fungo, alendo ali pomwepo. Poti chowotcherera chatentha kale, onaninso malo akale owotcherera amene anang'ambika timing'alu tozungulira miyendo ya zipangizo zolemera. Koma zimenezo n'zaulere, mwina sizikukhudzani.

Mlamu wanu adzafika n'kunena kuti mungochotsa chigalasi chonsecho muikemo sikirini yopyapyala ya kompyuta. Zimatheka, pali kabolodi kosinthira uthenga. Koma mukatero musakaonetse chithunzi chake kwa osunga makabati a ku America kapena ku Britain, adzakulankhulani ngati munthu wogulitsa manda a makolo. Iwo amanyadira ngakhale chipsera. Pac-Man wakale anaonetsa njira zomwezomwezo usana ndi usiku kwa zaka zambiri mpaka zinapserera pa galasi, moti zimaoneka makina ali ozima. Ndiye kuti pa masabata onse amene mwakhala mukudandaula kuti palibe chithunzi, theka lake linalipo.

Tsiku lina chidzayaka. Ana adzasewera mphindi zinayi n'kubwerera ku mafoni awo, mudzatsala nokha ndi mizukwa inayi ija, Blinky, Pinky, Inky ndi Clyde. Mukadzafika pa gawo la 256, theka lakumanja la sikirini lidzadzaza ndi zilembo ndi manambala osokonekera. Limenelo ndi vuto la pulogalamu, chowerengera chake chimathera pa 255, ndipo monita ilibe mlandu, musatsegulenso chitseko. Komabe musade nkhawa, achimwene. Ndinakuonani mukusewera, simudutsa gawo lachitatu.