Mfundo za Shado ndi Fodya wa Pachala

Akuluakulu akale, aja sankayenda opanda kabotolo ka fodya wa mphuno, anatisiyira mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ankadziwa zimene ankanena. Utsine fodya wako bwinobwino, uyambe kaye kufotokoza za mlandu wa ng'ombe, kamphepo kochokera ku Viphya kangodutsa kamodzi, chala chatsala chokhachokha. Okoka fodya wa mphuno akuchepa masiku ano, koma mwambiwu sunasowe ntchito. Unalembedwa ganyu ndi nthumwi za pa zisankho zachipulula, zija timangoti mapulaimale, ndipo kuno ku Mzimba umagwira ntchito usana ndi usiku chaka cha mavoti chikayandikira.

Ku America mapulaimale ambiri amayendetsedwa ndi boma la chigawo, munthu amavota mobisa, ndipo opikisana amatha miyezi akukhadzulana pa wailesi ya kanema za misonkho, za mfuti ndi za mtengo wa chipatala. Kwathu kuno bungwe loyendetsa zisankho la MEC silipondako. Chipani chimatumiza akuluakulu ake pa galimoto imodzi, nthumwi zochokera m'makomiti a m'madera zimasonkhana pabwalo la sukulu, mashado, aja ofuna uphungu, amaimikidwa kutsogolo atafulatira anthu, nthawi zina atamangidwa nsalu kumaso, ndipo aliyense amakandanda kumbuyo kwa amene wamukonda. Ili ndi tsiku lokhalo limene wandale amafulatira anthu asanapambane. Masiku ena onse amadikira kaye alumbiritsidwe.

Tsono poti onse ndi a chipani chimodzi, nsalu imodzi, manifesito imodzi imene palibe waiwerenga, amasiyana pati? Mvetserani misonkhano yawo pa Jenda, pa Embangweni kapena ku Luwerezi. Woyamba akuti msewu, mjigo, mlatho ndi ambulansi. Wachiwiri akuti ambulansi, mlatho, mjigo ndi msewu. Wachitatu, poti anaphunzira kwambiri, akuti zonsezi azichita "mwa dongosolo". Kusiyana kwa mfundo kwathera pamenepo.

Mfundozo si zachilendo ayi, tinakula nazo. Msewu wa Jenda kupita ku Embangweni mpaka ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, wakhala pakamwa pa andale kwa zaka zambirimbiri. Tara inanyamuka pa Jenda ndi mphamvu zonse, inayenda makilomita angapo, n'kukhala pansi kuti ipume. Msewu umenewu wanyamula anthu ambiri kupita nawo ku Nyumba ya Malamulo kuposa amene wawafikitsa ku chipatala cha Embangweni asanagwedezeke matumbo. Yunivesite ya Mombera, imene pambuyo pake inatchedwa dzina la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, mwala wake wa maziko anaika a Peter Mutharika mu 2015. Pofika chisankho cha 2025 inali isanalandire wophunzira, ndipo mwana amene anavina tsiku la mwala lija ali mu Sitandade 8 anali atakwanitsa zaka zovotera, mwinanso ali ku Joni. Ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, pansi pali miyala ya niobium imene kampani ya Globe Metals and Mining inasainirana pangano ndi boma mu 2023, koma anthu a kumeneko anayamba kalekale kumva kuti asamuka, akulipidwa, adikire pang'ono. Ine ndimaopa kuti tsiku limene zinthu zitatuzi zidzathe, mashado a kuno adzasowa chonena, adzangoimirira n'kuti yewo, n'kukhala pansi.

Munthu amene wamva zonsezi kuyambira 1994 simungamunamizenso za chitukuko. N'chifukwa chake shado wochokera ku Lilongwe, wa kompyuta ya pamiyendo, amavutika. Amafotokoza bwino ndithu kuti tomato, anyezi ndi mbatatesi za pa Jenda zimawolera m'mbali mwa msewu wa M1 chifukwa palibe nyumba yoziziritsira mbewu, kuti pakufunika fakitale, kuti alimi alowe m'makopaletivu. Nthumwi zimagwedeza mitu. Akamaliza, mayi wina wa komiti amaimirira, n'kukonza chitenje.

"Adada, mwayankhula zomveka, Chiuta akudalitseni. Koma ife tachokera kutali."

"Amama, ine ndimayesa nyumba yanu ndi iyo ili kuseri kwa sukuluyi?"

"Ndi yomweyo, adada. Koma ndinazungulira."

Mayiyu malamulo amawadziwa. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma linasiya kakhomo kotsegula: nsalu ndi malaya a chipani, chakudya cha pamsonkhano ndi ndalama yobwezera thiransipoti sizili m'gulu la zoletsedwa. Chiyambire pamenepo dziko lathu linatalika. Palibenso nthumwi yokhala pafupi. Fakitale ya tomato ili pachala, thiransipoti ili pamphuno, ndipo mayi wa komiti wasankha monga anamulangizira agogo ake.

Koma mwambi sukondera. Umaluma ndi shado yemwe. Iye amaganiza kuti nthumwi imene yadya mpunga wake ndi yake, osadziwa kuti nthumwi yomweyo inadya nkhuku kwa mnzake dzulo, ndipo mawa ili ndi pulogalamu ya mbuzi kwa wachitatu. M'chikwama mwake muli malaya atatu a nkhope zosiyana, amasintha malinga ndi galimoto imene yaima. Mashado ochenjera amasonkhanitsa nthumwi usiku wa chisankho, kuzigoneka pamalo amodzi, kuziphera ng'ombe, wina n'kuima pakhomo kuti mphepo isalowe. Kukacha amazinyamula pa lole zikuimba dzina lake mpaka pabwalo. Amamangidwa nsalu kumaso, amamva mapazi ambirimbiri akudutsa, mtima uli m'malo. Pomumasula n'kutembenuka apeza mkazi wake, mlamu wake ndi dalaivala. Dalaivalayo anangobwera kudzafunsa makiyi.

Wopambananso asavine msanga. Kale inde: mu 1994 chipani cha AFORD cha a Chakufwa Chihana chinasesa mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto, moti wopambana chipulula ankangopita kukayezetsa suti. Lero wogonja salira nthawi yaitali. Pakatha sabata amaitanitsa atolankhani n'kunena kuti iye sanafune, koma anthu amuumiriza kuti aime payekha. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana 52, mu 2019 anakwana 55, ndipo pa chisankho cha pa 16 September 2025, chimene mipando inakwera kuchoka pa 193 kufika 229, oima paokha anachuluka kuposa aphungu a MCP, chipani chimene chinkalamula. Chikalata cha chipulula nachonso chimauluka.

Chitsanzo chosaiwalika chinachitikira m'boma lathu lomwe lino. Pa chisankho chomwecho cha 2025, ku Mzimba Central, a Vitumbiko Mumba, amene panthawiyo anali nduna ya zamalonda, sanagwirizane ndi chipulula cha MCP chimene chinakomera a Adamson Mkandawire, ndipo nkhani inakafika ku khoti. Mapeto ake a Mumba anaima paokha pa mpando wa phungu, uku ali wachiwiri kwa a Lazarus Chakwera pa mpikisano wa pulezidenti. Munthu wa MCP wa m'deralo anapatsidwa ntchito yovuta: pa pepala limodzi avotere a Mumba chifukwa ndi a chipani, pa pepala lina asawavotere chifukwa si a chipani. Ndipo pa mkangano wonsewo dziko linamva zambiri za nthumwi zoyenera kuvota ndi za zikalata za ku khoti. Kuti awiriwo ankasiyana pati pa nkhani ya feteleza kapena msika wa fodya, ndi ochepa anafunsa.

Mfundo zenizeni zilipo, kungoti mashado amaziopa. Tayesani kufunsa pagulu kuti, "Bwana shado, boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa onse m'Malawi, wa ku Khosolo amavutika kufika pa Boma. Ligawidwe kapena lisagawidwe?" Nkhaniyi imabwerabwera, ndipo mafumu a Angoni akhala akuikana. Shado amayang'ana kumene kwakhala mafumu, amayang'ana kumene kwaima achinyamata, amatsokomola, n'kupempha kuti amayi aimbeko kaye nyimbo. Mufunseni ngati angavomere kubwezeretsa gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lija linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito, limene aphungu anafafaniza mu 1995. Adzakuuzani kuti funso ndi labwino kwambiri. Mufunseni za mitengo ya ku Chikangawa, kuti anthu ozungulira nkhalangoyo amapindula chiyani ndi matabwa amene amadutsa pa malole. Adzakuuzani kuti mukumane paseri.

Nthawi ya chipani chimodzi, ofuna uphungu ankayesedwa Chingerezi ndipo kuchita kampeni kunali koletsedwa. Pamenepo munthu sankanena mfundo zake chifukwa choopa boma. Lero ufulu ulipo, zimkuzamawu zilipo, Facebook ndi WhatsApp zilipo, koma shado amadziletsa yekha chifukwa wazindikira kuti mfundo imagawa anthu pomwe nyama imawasonkhanitsa.

Nafenso tinasintha ntchito ya phungu. Malamulo amati akapange malamulo, akavomereze bajeti, akalondoloze boma. Ife timati agule bokosi, atumize galimoto ya maliro, alipire fizi, ndipo mwana wathu akamwalira ku Johannesburg kapena ku Cape Town athandize kubweretsa thupi. Kuno ku Mzimba, kumene ulendo wa ku Joni unayamba nthawi ya Wenela ndi TEBA ndipo sunathe mpaka lero, imeneyi si nkhani yoseketsa. Koma chodabwitsa n'chakuti timayeza shado ndi mmene amathandizira ana athu kubwera ali m'bokosi, osamufunsa chimene adzachite kuti asamapite n'komwe, kapena kuti azipita ndi pasipoti yopezeka msanga m'malo modzera njira zamadulira.

Apa m'pamene ndimakangana nawo akuluakulu aja. Anatiuza za mphepo, koma anabisa kuti fodya wa pamphuno amatha ndi kuyetsemula kumodzi. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti nthumwi yachita mwayi, yalandira K20,000. Phungu amakhala zaka 5, amene ndi masiku 1,825. Ndiye kuti mayi wa komiti uja wabwereketsa msana wake pa mtengo wa K11 patsiku, ndalama yosagula ngakhale chitumbuwa. Pomwe thumba la chitukuko cha m'dera, la CDF, linafika K200 miliyoni pachaka mu 2024, ndipo a DPP pa kampeni ya 2025 analonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse. Mu May 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamalowerere pa kayendetsedwe ka thumbali, ntchito yawo ndi kulondoloza. Ndiye funso loyenera shado ndi lakuti ndalama zimenezi adzazilondola bwanji ku khonsolo ya M'mbelwa, osati kuti m'galimoto mwake mwatsala maenvulopu angati.

Sindikunena kuti nthumwi ndi zopusa. Munthu amene walonjezedwa msewu umodzi ndi maboma angapo ali ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira envulopu. Vuto ndi lakuti lonjezo kwathu kuno silikhala ndi tsiku, mtengo kapena mwini. Limanenedwa pa chimkuzamawu, nyimbo n'kuliphimba. Ndipo mashado aphunzira kuti kugula nthumwi mazana angapo n'kotsika mtengo kuposa kuganiza.

Chaka cha 2030 chikubwera, ndipo mashado ayamba kale kuoneka pa maliro a anthu amene sankawadziwa. Pempho langa kwa makomiti a m'madera, kuyambira pa Boma mpaka ku Emfeni, ndi laling'ono. Shado asanamangidwe nsalu kumaso, akhale kaye pa benchi atiyang'ane. Anene zinthu zitatu zokha, chilichonse ndi mtengo wake, kumene ndalama idzachokere ndi chaka chimene chidzathe. Mlembi wa komiti alembe m'kope, shado asaine, kope lina lipite kwa agulupu, lina kwa abusa, poti pa anthu awiriwa mmodzi amakhala wosataya mapepala. Akadzabweranso kudzapempha kachiwiri, tisadzayambe ndi nyimbo. Mwana wa Sitandade 5 adzaimirire n'kuwerenga mokweza.

Za thiransipoti sindikuletsa, lamulo lomwe silikuletsa. Landirani ndithu, amama, ndi manja awiri. Koma amene nyumba yake ili kuseri kwa sukulu akwereko kabaza n'kuzungulira bwalo ngakhale kamodzi, kuti mwa anthu onse obwera ku chipulula papezeke mmodzi amene wachita zimene analandirira ndalama.