Kupatsa N'kuika, Koma Lisiti Lili Kuti?

Ku America, m'chigawo chozizira chotchedwa Minnesota, kuli lamulo limene munthu wa kuno ku Shurugwi, m'dziko la Zimbabwe, akalimva koyamba, amayamba wayang'anitsitsa womuuzayo kumaso kuti aone ngati sanalaweko za m'botolo. Akuti mbadwa wamba ikapisa m'thumba n'kupereka kangachepe kwa munthu amene akupikisana nawo pa mpando wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, kapena kwa chipani chimene mtima wake wakonda, imalandira lisiti. Ndipo ikatumiza lisitilo ku ofesi ya misonkho, boma limaibwezera ndalama yakeyo osatapapo ngakhale kakobiri. Kale malire ake anali madola 50 pa munthu mmodzi pa chaka, koma kuyambira mu 2024 anawakweza kufika pa 75, ndipo bambo ndi mayi a nyumba imodzi akaphatikiza amalandira 150. Wopikisana amene afuna kuti omuthandiza ake azibwezeredwa chotere ayenera kuyamba wasayina pangano lakuti sadzamwaza chuma pokopa anthu kupyola muyeso umene lamulo laika. Cholinga chake akuti n'chakuti phungu asamagwadire mpondamatiki mmodzi yekha, koma aziyenda khomo ndi khomo, chipewa kumanja, kukapempha kwa anthu onga ine, amene nsapato zathu zinasiya kale kubisa zidendene.

Mdzukulu wanga ndiye anandiwerengera zimenezi pa foni yake, ndipo ine, pokhala munthu wosafulumira kukhulupirira ana a masiku ano, ndinamlamula kuti awerengenso mwachifatse. Atatero, ndinakhala chete nthawi yaitali, pakuti ndinazindikira kuti mwambi wa makolo athu a m'mapiri a ku Dedza, wakuti kupatsa n'kuika, azungu a kutali anautola, naulemba m'buku la malamulo, nauikira ndi kalaliki wake, pamene ife eni mwambiwo takhala tikupatsa zaka zonsezi osaona pamene tinaika.

Ndipo musandiyese mlendo pa nkhani yothandiza andale. Ine ndinabadwira m'komboni ya mgodi wa chrome, tawuni ino idakali kutchedwa Selukwe, dzina limene linasinthidwa mu 1982. Bambo anga anali mmodzi wa machona amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete, nakwatira kuno, naikidwa kuno, maso awo asanaonenso phiri la kwawo. Masiku amenewo voti inali ndi mtengo wake. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, amene anabadwira m'tawuni yomwe ino mu 1919, anatipatsa mu 1969 malamulo akuti mipando ya anthu akuda m'nyumba ya malamulo idzachuluka pokhapokha msonkho wa pa malipiro umene anthu akuda akupereka utachuluka. Ndiye kuti munthu amene ankalandira malipiro osakwanira kugula jekete ankauzidwa kuti mawu ake adzamveka tsiku limene adzalemere. Kumudzi nakonso sikunali kopumira: mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mchona wopita kukaona abale ankadziwa kuti asanalowe mumsika kapena kukwera basi, a Youth League adzafuna kuona khadi la chipani, ndipo okumbukira bwino amasimba kuti ena ankagulira khadi ngakhale mwana amene anali asanabadwe. Chotero ife tinakula tikudziwa kuti ndale ndi nyama imene imadya ndithu, koma palibe anaionapo ikubzikula.

Ufulu utafika, ine ndinaloŵa m'gulu la opereka ndi mtima wonse. Anyamata a chipani, chimene sindichitchula, popeza mano ochepa amene anditsalira ndifuna ndikaikidwe nawo, ankafika pakhomo madzulo ndi kope losalembedwamo kanthu, nanena mwaulemu woopsa kuti kukubwera alendo olemekezeka ndipo nyumba iliyonse iyenera kuonetsa chikondi chake. Chikondi changa chinatuluka pakhomo pano m'maonekedwe osiyanasiyana: nthawi zina chinali ndalama, nthawi zina mbale ya ufa, ndipo chaka china chinali tambala wanga wofiira, amene anapita ku msonkhano atamangidwa miyendo, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati wofuna kufunsa kuti analakwanji. Ku msonkhanoko ine ndinakhala padzuwa, kumbuyo kwenikweni, ndikuomba m'manja pamene alendo anali kudya chikondi changa pamthunzi.

Nditamva za ku Minnesota, ndinatenga pensulo ndi chikuto cha kope la mdzukulu kuti ndiwerengere zimene dziko likanandibwezera likanakhala ndi lamulo lotere. Ndipo pamene chiwerengero chinali kukula, ine ndinali nditayamba kale kufolera nyumba ndi malata atsopano m'maganizo, kufikira mdzukulu uja, amene sukulu inamphunzitsa kuwononga chimwemwe cha akulu, atandikumbutsa kuti ndalama zimene ndinapereka zinali madola a Zimbabwe akale. Pa ndalama imeneyo anafufutapo maziro atatu mu 2006, khumi mu 2008, ndi khumi ndi awiri mu 2009, chaka chomwe chija tinagwira m'manja pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni n'kubwerera nalo kunyumba osagula buledi. Atafufuta maziro onse 25 pa chuma changa chija, chotsalacho sichinakwane kuwombola ngakhale nthenga imodzi ya kumchira kwa tambala.

Musaganize kuti dziko lino silipereka ndalama ku ndale. Limapereka ndithu, kungoti njira yake simadutsa pakhomo pa munthu wamba. Lamulo la za chuma cha zipani limene linakhazikitsidwa mu 1992 linkati chipani chilandire ndalama za boma chikakhala ndi mipando 15 m'nyumba ya malamulo, ndipo popeza panthaŵiyo chipani cha mipando yotere chinali chimodzi chokha, mphika unaphikidwa ndi onse koma wopakula anali mmodzi. Chipani cha United Parties, cha Bishopu Abel Muzorewa, chinakadandaula, ndipo mu 1997 Khoti Lalikulu linagamula kuti muyeso umenewo unali wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuchokera apo anati cholandira chikhale chipani chimene chapeza mavoti osachepera 5 pa 100 alionse. Ku Malawi nako malamulo a dziko amati boma lithandize chipani chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Konseku ndalama imachoka ku thumba la boma n'kulunjika ku likulu la chipani, ku Harare kapena ku Lilongwe, ndipo ine amene ndinaiponya m'thumbamo pogula sopo ndi shuga sindifunsidwa kuti ipite kwa yani. Ku Minnesota ndalama ndi ya boma yomweyo, koma wolozera kumene ipite ndi mwini voti. Ndipo kusiyana kumeneku, ngakhale kukuoneka kochepa, n'kumene kumachititsa kuti phungu adziwe khomo la munthu wosauka.

Mu 2001 munachitika zinthu ziwiri zimene zinandikweza pa udindo umene sindinaupemphe. Lamulo la zipani linaletsa zopereka zochokera kunja, ndipo lamulo la unzika linati aliyense amene ali ndi kuthekera kokhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo, apo ayi ataya wa kuno. Motero ambiri a ife, ana a machona a m'migodi ndi m'mafamu, tinadzuka m'mawa tili alendo m'tawuni imene michombo yathu inakwiriridwa. Ine, poika ziwirizi pamodzi, ndinayamba kuyenda mosamala, ndikudziona ngati limodzi la maiko akunja amene wailesi inkati akufuna kusokoneza dziko ndi chuma chawo, ngakhale chuma changa chonse chinali njinga yopanda mabuleki; mpaka mnzanga wina wowerenga nyuzipepala anandichotsa pa mpandowo pondiuza kuti lamulolo silinkanena za munthu wokhazikika m'dziko ngati ine. Malamulo atsopano a mu 2013 anatibwezera unzika ife obadwira kuno kwa makolo a maiko oyandikana nawo, ndipo chimenecho ndicho chinthu chokha chimene ndikukumbukira kuti ndinabwezeredwapo.

Tsono pofika nyengo ya chisankho, ndinatsimikiza mtima kuti Minnesota ndiyamba ndine ku Shurugwi kuno. Ndinavala jekete la ku tchalitchi, ndinapinda madola awiri a America m'kampango, ndipo ndinatsetserekera ku bwalo lina cha ku Makusha kumene wopikisana wina anali kuchititsa msonkhano, ndikudziyerekeza ndi mkazi wamasiye wa m'Malembo uja amene tindalama take tiwiri tinaposa za olemera onse. Anthu anali atandanda pamzere, makorokoza, okumba golide a ku Boterekwa, ali ndi dothi lofiira m'tsitsi, amayi ali ndi ana kumbuyo, onse manja ali chotambasula. Ine ndekha ndinafika kutsogolo dzanja lili chofumbata.

"Mwanawe," ndinatero kwa mnyamata wa magalasi akuda amene anali kugawa zinthu, "ine ndabwera kudzathandiza abwanawa ndi kangachepe."

"Agogo, bwererani kumzere, aliyense alandira."

"Sindinadze kudzalandira ayi, ndadza kudzapereka. Ungondilembera lisiti."

Mawu akuti lisiti anamuumitsa thupi mnyamatayo. Anaitana mnzake, nanong'onezana, ndipo wachiwiriyo anandifunsa mwaulemu kuti wandituma ndani, ndipo ndikugwira ntchito ku ofesi iti. Pakuti m'dziko lathu nkhalamba yopempha imamveka, nkhalamba yotukwana imamvekanso, koma nkhalamba yopereka ndalama kwa wandale n'kufunanso pepala la umboni iyenera kuti ili ndi anthu kumbuyo kwake. Pofuna kuti ndichoke mwamtendere, anandiveka malaya a nkhope ya abwanawo pamwamba pa jekete la ku tchalitchi, nandisenzetsa kathumba ka mbewu, nandiperekeza mpaka kumsewu. Ku Malawi lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, ndipo abale a kumudzi akamandiuza zimenezi amaseka mpaka foni kuduka; ine sindinaseke, chifukwa ndinapita kukagula phungu ndipo ndinabwerako nditagulidwa, pamtengo wa malaya amene anandithina m'khwapa.

Mdzukulu anati vuto linali lakuti ndinapita ndi ndalama yogwirika, ndipo anandilangiza kuti ndizitumiza pa foni, pakuti foni imatulutsa yokha uthenga wa umboni. Koma anawonjezanso kuti kuyambira mu October 2018, pamene nduna ya zachuma Mthuli Ncube inalengeza msonkho wa masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa motero, ndalama ikangofika pa muyeso wina Kaisara amayamba watapa zake isanafike kumene ikupita. Ndiye kuti kumene anzathu amabwezeredwa chifukwa chopereka, ine ndikanati ndikule mtima n'kupereka zambiri, ndikanalipiritsidwa chifukwa cha kukula mtimako.

Amayi a kunyumba, amene anamvetsera zonsezi akusankha nyemba, ndiwo anaboola nkhani pamene ine sindinaone.

"Kodi bambo, boma la kumeneko ndalama yobwezayo limaitenga kuti?"

"Ku misonkho, mayi."

"Misonkho ya yani?"

Ndinayankha kuti ya anthu onse. Ndipo iwo anati ngati zili choncho, ndiye kuti mayi wogulitsa tomato amene alibe madola 75 oti ayambe waika, nayembekezera masabata kuti abwerere, ndiye amalipirira chikondi cha bambo amene ali nawo, ngakhale phungu wa bamboyo iye amuda. Anafunsanso chimene chimachitika thumba la boma likaphwa, ndipo mdzukulu, wosadziwa mbali imene ayenera kuima, anawerenga kuti ku Minnesota komweko kubwezako kunaimitsidwa mu 2009 chifukwa cha kuperewera kwa ndalama, ndipo kunatha zaka kusanayambirenso. Amayi anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, napitiriza kusankha nyemba. Ine ndinaumirira kuti ngakhale zili choncho, ndi bwino phungu akhale ndi ngongole kwa anthu chikwi a madola ochepa kusiyana ndi kukhala nayo kwa mwini mgodi mmodzi, ndipo pa mfundo imeneyi sindinasunthe mpaka lero. Koma anandiyankha kuti mfundo ndayitha, chotsala n'chakuti madola awiri aja abwerere m'chitini chimene ndinawatenga.

Sanabwereremo, chifukwa Lamulungu lotsatira kunali msonkhano wa bungwe lathu la maliro, limene machona anayambitsa kalekale kuti mnzawo asaikidwe ngati galu kudziko la eni, ndipo ine ndinaimirira kufotokozera abale nzeru ya ku America. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka msungichuma, bambo wa tsitsi la imvi amene sanataye ngakhale senti imodzi ya bungwe m'zaka zonse za maziro zija, anavula magalasi nanena kuti sakuona chachilendo: bungwe lathu limalandira zopereka zazing'ono, limalemba lisiti, ndipo limabweza zonse mokwanira, bokosi, ufa, ndiwo ndi galimoto, osachedwa ngakhale tsiku limodzi, kungoti wobwezeredwayo amalandira ali chigonere. Atatero anatsegula buku lake, natsitsa chala pa mzere wa dzina langa, nalengeza pamaso pa onse kuti popeza achimwene ali ndi ndalama zothandizira andale, bungwe likukondwa kuwakumbutsa kuti ali ndi ngongole ya miyezi yapitayi. Ndinamasula kampango. Lisiti anandilembera pomwepo, la chidindo, ndipo anati zotsalazo ndibwere nazo mwezi wamawa.