Letesi wakumwamba watilanda chowiringula

Ife alimi a pakamwa, amene tomato wakuseri kwa nyumba akafota timaloza chala kumwamba, tagwira njakata. Kumwamba komweko, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, anthu a m'chombo cha International Space Station anadya letesi wolimidwa momwemo mu Ogasiti 2015. Mulibe mvula, mulibe mzere, khasu ukalisiya limangoyandama ngati lolodzedwa.

Pansi pano muzu sulakwitsa njira chifukwa kunsonga kwake kuli timibulu tolemera tomwe timadikha ngati masese m'chipanda, ndiye muzu umangotsata komwe tagwera. Kumwambako timibuluto timangoti yandayanda, kulibe kodikha. Ine zitandisokonekera chomwecho ndingangokhala pansi n'kumadikira thandizo, ngakhale pansi pokhalapo palibe. Mbewu ayi. Imatenga kuwala kwa mababu ofiira ndi abuluu ngati dzuwa lake, tsinde n'kulunjika komweko, mizu n'kulowera kumdima kosaka chinyezi. A ku Soviet Union anaziona kalekale: mu 1982 kachitsamba kotchedwa Arabidopsis kanachita maluwa mpaka kubereka njere m'chombo cha Salyut 7.

Wina ati, "Olima letesiwo ndi a NASA, bungwe la za mlengalenga la ku America, ndalama ndi zosayamba." Zoona, ndipo mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa imandibisira ulesi. Koma ndalamazo akugulira chiyani? Zomwe ife timapeza ulere. Madzi kumeneko satsika, amaundana ngati mpira n'kukuta mizu mpaka kubanika. Mpweya suyenda wokha pamasamba, amachita kuupemerera ndi fani usana ndi usiku. Maluwa a zinnia atagwidwa ndi nkhungu mu International Space Station, mmodzi wa anthu a m'menemo, Scott Kelly, anachita kuwadwazika ngati mwana mpaka anamasula mu Januwale 2016. Wina atikumbutsa za thonje lomwe a ku China anameretsa pamwezi mu 2019, m'chombo cha Chang'e 4, kuti linafa ndi chisanu. Linafadi, koma linayamba lamera, pomwe mbewu zanga za therere zikadali m'kabati kudikira kuti zinthu zikhale bwino.

Ndiye anzanga a m'gulu langa, nyengo tiipumitseko kaye. Ndowa ili pakhonde pompo, ndipo kuno madzi ukathira amatsika okha.