Khalapompo Sakhala Pompo

Mlamu wanga pondipatsa kagaluka analumbira kuti kakadzakula kadzafanana ndi thole la ng'ombe. Papita zaka ziwiri tsopano, koma kakadali ngati botolo la Sobo loligoneka pansi n'kuliika miyendo inayi. Makolo athu ankatcha agalu mayina okuluwika pofuna kulasa aneba. Ine uthenga wanga unali wopita kwa galu mwiniwakeyo, choncho ndinamutcha Khalapompo. Mpaka lero uthengawo sunafike.

Kwathu ku Chilomoni m'mawa pakhomo pamatsala zii. Mayi a kunyumba amalawirira ku Limbe kukaunjika, ana kusukulu, ine ku Ginnery Corner kukasaka ya ndiwo. Tsiku loyamba kumusiya yekha ndinatseka geti monyadira ngati mwini banki. Nditakhala m'minibasi, kondakitala anandigwira paphewa.

"Bwana, awo ali pansi pa mpandowo alipira okha?"

Kusuzumira, Khalapompo ali phee, akugwedeza mchira ngati tinapangana.

Loweruka lake ndinagula waya wa khola la nkhuku n'kuzunguliza mpanda wonse waudzu. Pamenepo ndinaphunzira lamulo loyamba la agalu ang'onoang'ono: pamene mutu walowa, thupi lonse lilowa. Ndinatseka mipata, iye anayamba kukumba pansi. Akulu amati galu wamkota sakandira pachabe, koma wanga anayamba asanakote n'komwe. Munthu wina kuntchito anandilangiza kuti wayayo ndimukwirire pansi, ndimupindire mkati, kenako ndisanjepo njerwa. Ndinatero, ndipo zinathandiza masiku atatu. Njerwa zotsala ndinaziunjika pakona pafupi ndi thumba la makala. Lachinayi galu anakwera panjerwa, kuchoka apo pathumba, kuchoka apo kwa aneba. Makwererowo ndinamumangira ndekha, ndi ndalama zanga.

Kwa anebako anatsuka m'kamwa ndi anapiye atatu. Polipira ndinauzidwa kuti onse atatu anali athadzi amtsogolo, choncho ndilipire ndi mazira omwe akanadzaikira. Mnyamata wapachiwaya nayenso anabwera ndi kope lake. Ndinapeza kuti pa tsamba limene pali ngongole yanga ya tchipisi, m'munsi mwake mwatsegulidwa ya galu, ndipo iye amadya kanyenya pamene mbuyake ndimadya za mbatata zokha.

"Abambo," anatero mayi a kunyumba akuwerengera pazala, "galuyu watidyera ndalama zoposa katundu amene akulonderayo. Akuba akanabwera tikanapulumutsako kangachepe."

Ndinayesa chingwe cha khonje. Anachitafuna ngati nzimbe. Kuseka ndinasiya pang'ono nditakumbukira kuti galu woyendayenda akhoza kubwera ndi chiwewe, matenda amene zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka palibenso chipatala chimene chingakubwezeni. Komanso boma likalamula kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyenda yekha pamsewu amawomberedwa. Mwamwayi muno mu Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere kuyambira 2015, ndipo galu akabayidwa amamupaka penti wofiira pachipumi. Ndinakonza zoti ndipite naye Loweruka. Loweruka m'mawa galu kulibe. Masana anatulukira yekha, pachipumi pali psuu. Anali atakabayitsa popanda ine. Chikhala kuti amalandiranso makuponi a feteleza, bwenzi ndikumutuma.

Kenako ndinagonja n'kupita kwa dokotala wa ziweto, mayi a kunyumba ali pambali ngati mboni. Ndinafunsa za tcheni. Adokotala anapukusa mutu. Anati galu womangidwa pafupi ndi mpanda akalumpha amatha kudzipachika, ndipo tcheni ikakulungana pamtengo amalephera kufika pamadzi ndi pamthunzi, zimene m'dzuwa la Okutobala ndi imfa. Anati galu sathawa chifukwa chodana ndi mbuyake. Amathawa chifukwa chosungulumwa, chifukwa cha mantha a mabingu ndi makombola a pa Khirisimasi, kapena chifukwa wamva fungo la galu wamkazi amene ali panyengo.

"Mumangireni khola lotakasuka lotseka pansi ndi pamwamba," anatero. "Muikemo madzi ndi fupa lalikulu loti azitangwanika nalo. M'mawa muziyenda naye kuti atope. Ndipo mumufule, kuyendayenda kuchepa."

Mayi a kunyumba anakhala tsonga. "Pepani adokotala, kodi njira yomalizayo imathandizanso ena amene amasowa pakhomo Loweruka madzulo?"

Ndinasanjikiza miyendo n'kuyamba kuwerenga kalendala yapakhoma mwachidwi.

Za kuyenda m'mawa ndinazitsatira. Tambala woyamba akangolira tinkalunjika cha ku phiri la Michiru. Pobwerera mmodzi wa ife ankakhala atatopa ndithu, lilime panja, ndipo mmodziyo ankapezeka akusinza kuntchito. Komabe khola ndinamanga: pansi njerwa, m'mbali waya, pamwamba lata, m'kati mbale ya madzi ndi fupa la ng'ombe. Lolemba ndinamuikamo. Anazungulira kawiri, kununkhiza makona onse, n'kugona pansi ndi fupa lake.

Ndinatuluka ndikuimba mluzu, n'kukhoma loko wapageti kuti khethe! Nditafika pamsewu ndinapisa m'thumba. Makiyi, foni ndi ya minibasi zonse zinatsala pakhonde. Mayi ali ku Limbe, ana kusukulu. Ndinakumbukira kuti kuseri kwa bafa kuli kauna kamodzi kakale kamene ndinali ndisanatseke. Ndinagwada, taye ndili nayo m'khosi. Mutu unalowa bwinobwino. Mapewa anakambirana nawo mpandawo mpaka kumvana. Mimba inakana. Kubwerera m'mbuyo, waya wandigwira lamba. Lamulo la mutu lija ndi la agalu okha.

"Aneba," anatero mwini anapiye uja ali chilili kumbuyo kwanga, "nanunso mwayamba?"

M'kholamo galu anadzutsa mutu, kundiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza fupa lake. Ana a m'makwalala anasonkhana n'kuyamba kukuwa kuti, "Khalapompo! Khalapompo!"

Ndinakhaladi pompo mpaka mayi a kunyumba ataweruka.