Macbeth Akanayamba Wafunsa Amalume

Anthu a kudera kwathu amandipatsa ulemu woposa msinkhu wa thumba langa. Ndikamadutsa pamsika nditakoleka chikwama, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumati, "Awotu ndi aja amaphunzitsa Shakespeare." Ulemu umenewu sufika pa mtengo wa tomato, koma ndimaulandira ndi manja awiri.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa Chingerezi m'Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sukulu ina yoyendera. M'ndondomeko yomwe ndimapereka kwa a hedi chaka chikamayamba ndinalemba kuti cholinga changa ndi kutsegula maso a ophunzira kuti aone dziko lonse kudzera m'mabuku. Mwiniwakene dziko lomwe ndinaliona ndi maso limathera pachipata cha Mwanza, pomwe ndinaperekeza mlamu wanga akupita ku Johannesburg. Kuchokera pamenepo ndimayenda ndi choko.

Mabuku tili nawo, musamve zabodza. Kungoti buku limodzi limazunguliridwa ndi mitu yambiri, ena akuwerenga chozondoka. Lina linathothoka masamba akumapeto, moti gulu lomwe limagwiritsa ntchito limenelo limakhulupirira kuti Macbeth akulamulirabe ku Scotland mpaka lero.

Tsiku loyamba sewero la Macbeth ndinakonzekera mwamphamvu. Kabuku kothandiza aphunzitsi komwe ndinabwereka kanachenjeza kuti ana a masiku ano amavutika kumvetsa za mfiti zitatu zija, choncho mphunzitsi ayambe wafotokoza kuti kalekale anthu ankakhulupirira zoterozo. Amene analemba kabukuko sanafikeko kwathu. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, mikono inali kale m'mwamba, ndipo mafunso ake anali a anthu odziwa ntchito. Mfiti zanji zoyenda zitavala? Zimakumana bwanji pamtetete m'malo mwa kumanda? Titafika pomwe zikuphika mankhwala mumphika, kuponyamo chule, njoka, mleme ndi lilime la galu, mnyamata wina wokhala kumbuyo anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, pamenepo pakusowa chizimba."

Sindinamufunse kuti wadziwa bwanji. Ine ndimakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi kwawo.

Pofuna kubweza kalasi m'manja mwanga, ndinatulutsa mbiri. Ndinawauza kuti seweroli linalembedwa cha m'ma 1606, James, mfumu ya ku Scotland, atangotenganso ufumu wa England mu 1603. Mfumu imeneyi nkhani za ufiti inkazitengera pamtima. Inkakhulupirira kuti mfiti zinautsa namondwe panyanja pofuna kumiza chombo chake pochokera ku Denmark, anthu anazengedwa milandu chifukwa cha zimenezo, ndipo mu 1597 inatulutsa buku lake lonena za ufiti. Ndinawonjezera kuti kuno kwathu lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Kalasi inagamula pomwepo kuti Shakespeare akanakhala wa ku Malawi bwenzi ali ku Zomba, osati ku yunivesite koma kundende. Kenaka wina anafunsa ngati Scotland ameneyu ndi yemwe uja kunachokera amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia, omwe anauza agogo athu kuti ufiti kulibe. Ndinayang'ana pamkono pomwe pamayenera kukhala wotchi, n'kunena kuti nthawi yatha.

Zina amazimva msanga kuposa ine. Mfiti zikulonjeza Macbeth kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika ku Dunsinane, ine ndinaima kaye kuti ana adabwe. Palibe anadabwa. Mtsikana wina anati nkhalango kuyenda si nkhani, iye amakumana nayo m'mawa uliwonse ikulowa m'tauni pa njinga, ili m'matumba a makala. Ndipo zitadziwika kuti Macduff angathe kupha Macbeth chifukwa sanabadwe mwa njira ya masiku onse koma anachita kumutulutsa m'mimba mwa mayi ake, kamnyamata kena komwe kanabadwa pa opaleshoni kanayamba kuyenda modzikweza. Mpaka pano kamakana chilango chotchetcha udzu, kakuti malamulo a anthu wamba sakakhudza.

Koma yemwe anandigwetsa ulesi ndi mtsikana wokhala pabenchi yakutsogolo, mdzukulu wa a nyakwawa. Ndinali nditalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti chomwe chinawononga Macbeth ndi dyera la ufumu. Iye anaimirira, manja kumbuyo.

"Aphunzitsi, pepani, koma woputa mlandu ndi Duncan."

Ndinamuuza kuti alankhule m'Chingerezi. Anasuzumira pawindo, n'kuona kuti a hedi ali kutali, n'kupitiriza m'Chichewa. Anati mfumu yanzeru siimirira pagulu n'kuloza mwana wake wobereka yekha kuti ndiye adzalowe ufumu, pamene pali mbale wake amene wangobwera kumene kunkhondo magazi ali m'manja. Mbumba inafunsidwa? Amalume anali kuti? Kwathu kuno ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wako, ndipo ntchembere zimayamba zakhala pansi. Duncan anangodzuka n'kutchula Malcolm. Ndiye mumati Macbeth aombe m'manja?

Ndinamuuza kuti akhale pansi, zimenezo sizili m'silabasi. Usiku ndinagula kabandulo ka intaneti n'kuyamba kufufuza pafoni, nditafunda bulangete kuti mayi a kunyumba asafunse za ndalamayo. Mwana uja ananena zoona. Ku Scotland wa nthawi imeneyo ufumu sunkangochoka kwa bambo kupita kwa mwana, unkasinthanasinthana pakati pa nthambi za banja lachifumu. Macbeth weniweni anapha Duncan kunkhondo mu 1040, osati pabedi ali m'tulo, ndipo Duncan wake sanali nkhalamba. Macbeth analamulira zaka 17, mpaka 1057, ndipo mu 1050 anapeza mpata wopita ku Rome, ulendo womwe munthu sangauyambe ngati kumudzi kuli moto. Shakespeare anakometsa mbali ina chifukwa mfumu James inkati ndi mdzukulu wa Banquo, mnzake wa Macbeth m'seweroli, ndipo wolemba masewero naye amafuna kudya.

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi n'kufotokoza zonsezi modekha, mwa munthu amene wakhala akuzidziwa kuyambira ali kukoleji. Mtsikana uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analemba m'kope mwake mwaulemu. Analeredwa bwino mwana ameneyu.

Titasamukira ku Mexico zinthu zinasintha. Buku la The Pearl, lomwe John Steinbeck anatulutsa mu 1947, limanena za msodzi wosauka wa ku La Paz, dzina lake Kino, amene anatola ngale yaikulu pansi pa nyanja. Ine ngale sindinaionepo. Ndinaijambula pabolodi, ana anati ndi dzira. Ndinawonjezera timizere tosonyeza kunyezimira, anati ndi dzira lokazinga.

Koma titayamba kuwerenga, phokoso linatha lokha. Khanda la Kino, Coyotito, lalumidwa ndi chinkhanira, dokotala akukana kuliona chifukwa makolo alibe ndalama. Palibe anafunsa tanthauzo. Kenaka Kino akupita kukagulitsa ngale ija, akuyembekeza mapeso 50,000, wogula akumuuza kuti ndi yaikulu mopusa, angamupatse 1,000 basi. Akuitana ogula anzake kuti nawo aione, onse akuinyoza mofanana, pamene mseri onsewo ndi antchito a bwana mmodzi. Mnyamata wa chizimba uja anamenya desiki.

"Awa ndi mavenda!"

Anadzuka osapempha, n'kufotokozera kalasi mmene sikelo imakhalira itafinyidwa, mmene wogula soya woyamba amakuuzira kuti wanyowa, wachiwiri kuti ali ndi miyala, wachitatu kuti mtengo wagwa dzulo, iwe thumba lili pamutu, dzuwa likulowa, kunyumba akudikira sopo. Anatenga theka la phunziro. Ine ndinakhala pampando wanga n'kumagwedeza mutu mwaukatswiri. A hedi atadutsa pakhonde anaona ana akumvetsera mwachidwi, ndipo pamsonkhano wa aphunzitsi ananditchula kuti ndine chitsanzo pa kaphunzitsidwe kopatsa ophunzira mpata. Sindinatsutse.

Mkangano unabuka kumapeto. Mwana wafa ndi chipolopolo cha anthu omwe ankawalondola, Kino ndi mkazi wake Juana abwerera kumudzi, ndipo Kino akuponya ngale ija m'nyanja. Kalasi inakana. Mwana wapita, bwato linaboola anthu, nyumba inapsa, ndiye atayenso chuma? Akanapatsa mkulu wake. Akanaika ku banki mkhonde. Ndinafotokoza bwinobwino kuti ngaleyo ikuimira dyera ndi tsoka, kuitaya ndiko kudzimasula. Wina anakweza mkono.

"Inuyo Aphunzitsi mukanataya?"

Linali tsiku la 24 la mwezi, malipiro asanaoneke. Ndinakonza tayi n'kuyankha kuti inde, mosakayika. Anaseka onse, koma anaseka kwambiri ndi mwana wa mayi amene ndili nawo ngongole ya bonya.

Tsono nzeru zonsezi zimafera papepala. Ndikangonena kuti tulutsani makope tilembe chimangirizo, anthu omwe aja amene amazenga mlandu wa Duncan ngati bwalo la gulupu amasanduka osalankhula. Mdzukulu wa a nyakwawa analemba mizere itatu. Woyamba unali "First and foremost," wachitatu unali "In a nutshell," ndipo pakatipo panalibe mtedza uliwonse. Mawu otsegulira ndime amawaloweza bwino zedi. Wina amayamba ndime iliyonse ndi "Moreover," ngakhale yoyambirira. Wina, pofunsidwa kuti afotokoze mmene dyera likuonekera mwa Macbeth, anangolemba mwambi wa pusi amene anagwa chagada, n'kutseka kope. Nditamufunsa kuti zina zili kuti, anadabwa. Agogo ake akanena mwambi umenewu nkhani imakhala yatha, munthu wanzeru amakatafuna yekha kunyumba.

Apa ndiye pali fupa. Ine ndimawaphunzitsa kuti ndime iliyonse iyambe ndi mfundo, kenaka umboni wochokera m'buku, kenaka kufotokoza mmene umboniwo ukugwirizanira ndi funso. Koma mwana yemweyo kunyumba akayamba ndi mfundo pamaso pa akuluakulu, amamutcha wamwano. Kwathu nkhani imayamba ndi moni, kenaka mvula, kenaka odwala, ndipo mfundo imabwera mlendo atanyamuka kale, ali pachipata. Wochonga mayeso a MSCE sadikira pachipata. Ali ndi mulu wa mapepala, akufuna aone mfundo pamzere woyamba, apereke malikisi, apite kwina.

Sindikunena kuti chimangirizo n'chopanda ntchito. Kino yemwe uja, pa zonse zomwe ankalota atatola ngale, chachikulu chinali chakuti mwana wake apite kusukulu adzathe kuwerenga yekha zolembedwa m'mabuku, anthu asamawanamize. Mwana wodziwa kunena mfundo yake n'kuiikira umboni, wa sikelo amamuopa. Ndimawauza zimenezi kawirikawiri, ndipo ndimazikhulupirira kwambiri moti chaka chatha ndinaganiza zowaonetsa anthu kuti njirayi imagwira ntchito ngakhale kunja kwa kalasi.

Mvula inali pafupi, fetereza ndinalibe, apongozi anga aamuna anali ndi matumba angapo. Mayi a kunyumba anati adzapita okha akapeza mpata. Ndinawauza kuti asavutike, nkhani yotere imafuna munthu wodziwa kusanja mfundo. Ndinakonza zonse papepala, ndinayeserera panjira, ndipo nditangokhala pampando womwe anandipatsa pansi pa mtengo wa mango, ndinayamba.

"Bambo, ndabwera kudzakongola matumba awiri a fetereza. Zifukwa zanga zilipo zitatu. Choyamba..."

Ndinayala zonse mwadongosolo. Umboni unalipo, mitengo ya kumsika ndinaitchula, mawu omaliza anabwereza mfundo zikuluzikulu popanda kuwonjezera zatsopano. Ndikanakhala wochonga ndikanadzipatsa malikisi onse.

Apongozi anakhala chete. Anathamangitsa nkhuku yomwe inkajompha chimanga pamphasa. Kenaka anati, "Mwayenda bwanji, Aphunzitsi?"

Ndinati ndayenda bwino.

"Nanga kunyumba mwasiyako bwanji? Adzukulu anga? Mayi anu mwendo uja unapola? Kwanuko yayamba kugwa?"

Anandifunsa za aliyense, mpaka za njinga yanga. Anaitanitsa thobwa. Anandifotokozera za maliro a kutsidya, za mbuzi yomwe inasowa, za mlatho womwe unakokoloka. Dzuwa litapendeka anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti kuthamanga si kufika. Za fetereza sanatchule.

Loweruka lotsatira mayi a kunyumba anapita. Akuti anakhala tsiku lonse akukamba za bondo la bambo awo ndi kusankha nyemba ndi mayi awo, ndipo mawu akuti fetereza sanatuluke pakamwa pawo. Anabwera madzulo pa kabaza, kabaza wina akutsatira pambuyo ndi matumba awiri, nkhuku ili m'manja. Nkhukuyo akuti ndi ya adzukulu. Ine ananditumizira uthenga wokha, kuti aphunzitsiwo adzabwerenso, adzayambire pa moni.