Womasulira akamadzitsatsa

Mnzanga wina womasulira zolembedwa walumbira kuti chaka chino adziwika basi. Wasindikiza makhadi, watsegula tsamba pa LinkedIn, walembetsanso ku tsamba la omasulira la ProZ.com, komwe akuoneka pachithunzi atavala jekete yobwereka. Misonkhano ya mabungwe ku Lilongwe sakuiphonya, koma amafika nthawi ya tiyi, poti m'pamene mabwana amakhala ndi dzanja limodzi lopanda chochita. Khadilo amalandira ndithu. Ena amatokosera m'mano ikatha nkhomaliro.

Chovuta n'chakuti kuno aliyense amene anayamwa Chichewa amadziyesa womasulira. Ukatchula mtengo, bwana amatong'ola maso: "Zonsezo? Mwana wa achemwali anga akhoza kupanga zimenezi Loweruka." Chiyambire 2014, pamene Google Translate inayamba Chichewa, naye mwana wa achemwaliyo ganyu inamuthera. Masiku ano bwana amabwera ndi zimene watulutsa yekha pafoni n'kumati, "Mungokonzako pang'ono, achimwene," kutanthauza kuti mulembenso chikalata chonse pamtengo wa botolo la Fanta.

Ntchito yaikulu imene mnzangayu wapeza mpaka lero anampatsa ndi bambo wina amene anakhala naye benchi imodzi pamaliro ku Ntcheu. Malipiro akuti adzatumiza pa Airtel Money, opereka thandizo akadzatulutsa ndalama.